Pulojekita, matabuleti kapena foni: tigule chiti pophunzitsa histole kuno ku Joni?

Chaka chikamatha, ahedi amakonda kuponya funso limodzi pa msonkhano wa aphunzitsi: kandalama katsalako pang'ono, tigule chiyani? A masamu yankho amakhala nalo kale, a sayansi chimodzimodzi. Ife a histole timangoti kakasi, mpaka wina atchule smartboard, bolodi yamagetsi yolumikizidwa ku kompyuta, chifukwa anaiona pa sukulu ina ya ku Sandton. Ndaphunzitsa mbiri yakale kwa zaka zingapo m'masukulu ang'onoang'ono a pakati pa tauni, momwe ana ambiri ndi a makolo ochokera ku Malawi, Zimbabwe, Mozambique ndi Congo. Zimene ndalemba panozi ndi za aphunzitsi anzanga a m'masukulu otere, a makomiti a makolo, komanso amene mumasonkhanitsa ana Loweruka ku tchalitchi kapena ku madrasa kuti asaiwale za kwawo.

Muyeso wake

Histole si phunziro longoloweza madeti. Amene munaonapo pepala la mayeso a matric, omalizira Giredi 12, mukudziwa kuti gawo lalikulu ndi mafunso ochokera pa umboni. Mwana amapatsidwa chithunzi, katuni ya m'nyuzipepala kapena kachidutswa ka zimene munthu wina analankhula, ndiye afotokoze kuti anachipanga ndani, ankafuna kuuza yani, nanga tingachikhulupirire mpaka pati. Silabasi ya boma la South Africa, yotchedwa CAPS, imayamba kuwazoloweza zimenezi akadali m'makalasi a Social Sciences. Choncho chida chilichonse ndimayamba ndachifunsa kuti: kodi chikuika umboni pamaso pa mwana kuti aufunse mafunso, kapena chikungokongoletsa manotsi omwe ndikanalemba ndi choko?

Chikapambana pamenepo m'pamene ndimaona zinayi izi. Mtengo, osati wa tsiku logula lokha koma ndi data, zingwe ndi zokonzetsa. Kupezeka kwake, kutanthauza magetsi, netiweki, komanso ngati mwana aliyense angachifikire. Kasamalidwe, kuti adzachaja ndani, adzasunga kiyi ndani. Ndiye zoopsa zake, zomwe kuno ku Joni zimayambira pa mbava.

Laputopu ya mphunzitsi ndi pulojekita, kapena TV yaikulu

Chithunzi chimene Sam Nzima anajambula pa 16 June 1976, tsiku limene apolisi anawombera ana asukulu ochita zionetsero ku Soweto, chili m'buku la mwana aliyense wa Giredi 9, koma chimakhala chaching'ono ngati bokosi la machesi, ndipo chikadutsa pa fotokope chimangosanduka mdima. Tsiku limene ndinachiika pakhoma, chachikulu ngati chitseko, kalasi inakhala chete kaye. Ana anaona dzanja la Antoinette Sithole lili m'mwamba, anaona nkhope ya Mbuyisa Makhubo atanyamula Hector Pieterson. Mtsikana wina wa kumbuyo, amene nthawi zambiri satsegula pakamwa, anafunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga womunyamulayu anathera kuti?" Funso limenelo ndi limene linatenga piriyodi yonse, chifukwa Makhubo anathawa m'dziko muno ndipo abale ake anamva za iye komaliza ali ku Nigeria mu 1978. Buku silinatifikitse pamenepo.

Mtengo: pulojekita yogwirika imadya masauzande angapo a marandi, ndipo TV yaikulu sikusiyana kwenikweni. Muwerengerenso chingwe cha HDMI chachitali ndi sipika, chifukwa timasipika ta laputopu sitimveka mzere wachitatu. Timapulojekita tating'ono totchipa tija timaoneka bwino usiku m'chipinda chogona, koma masana m'kalasi simuona kanthu. Ngati kalasi yanu ili ndi mawindo akuluakulu, TV imaposa. Ine ndinkachita kupachika zitenje ziwiri pa mawindo, mpaka ana anazolowera kuti akaona zitenje ndiye kuti lero kuli zithunzi.

Kupezeka: ubwino waukulu ndi woti sizifuna intaneti m'kalasi. Mumakopera zonse muli pa wifi, n'kuziika pa fulashi. Webusaiti ya South African History Online ili ndi nkhani, zikalata ndi zithunzi zambiri zogwirizana ndi silabasi. Unduna wa maphunziro umaika mapepala a mayeso akale pa webusaiti yake. Pulogalamu ya Kiwix imakulolani kusunga Wikipedia mu laputopu n'kumaiwerenga popanda netiweki. Google Earth ndiyo imafuna intaneti, koma mutha kujambuliratu zithunzi zake. Muziyesa kuonetsa ana mzinda uno kuchokera kumwamba: milu yachikasu ya dothi la m'migodi yandandalika kumwera kwa tauni kutsata mzere wa golide amene anapezeka mu 1886, Soweto ali kuseri kwake, ndipo mitengo yobiriwira yadzaza kumpoto. Lamulo la Group Areas Act la 1950, logawa malo okhala potengera mtundu wa anthu, limamveka msanga mwana akaliona motero kusiyana ndi kulikopera pa bolodi. Chovuta ndi magetsi. Kuzimazima kwa mu 2023 kunachepa, inde, koma mawaya akabedwa dera lonse limakhala mu mdima osachenjezedwa. Laputopu ili ndi batire, pulojekita ilibe. Muzikhala ndi mapepala osindikiziratu a umboni womwewo m'chikwama.

Kasamalidwe: fumbi ndi kutentha ndiye adani a pulojekita, ndipo babu lake likapsa mtengo wake umawawa. Fulashi yongoyenda m'makompyuta a aliyense imabweretsa mavairasi.

Zoopsa: kubedwa, ndithu, choncho isagone m'kalasi. Koma choopsa chimene ndachiona kwambiri ndi mphunzitsi kusanduka woonetsa kanema. Filimu ya ola lathunthu ana amaikonda, koma mukafunsa mawa lake amakumbukira nyimbo ndi mfuti basi. Mphindi zitatu kapena zinayi, kuimitsa, kufunsa, kubwereza. Komanso zithunzi za kuphedwa kwa anthu ku Sharpeville kapena za m'misasa ya Nazi muziyamba mwaziona nokha. M'kalasi mwanu mungakhale mwana amene anathawa nkhondo kwawo.

Matabuleti a kalasi yonse ndi smartboard

Apa ndifulumira, chifukwa masukulu ambiri amene ndikuwanena sangafikepo. Mtengo ndi wokwera kuposa njira ina iliyonse, ndipo kugula ndi chiyambi chabe. Boma la Gauteng linayamba kugawa matabuleti ndi ma smartboard m'masukulu ena mu 2015, pa ndondomeko ya makalasi opanda mapepala, ndipo posakhalitsa nyuzipepala zinadzaza ndi nkhani za masukulu othyoledwa. Ngati boma, ndi alonda ake, linavutika kuziteteza, kasukulu ka pansanjika yachitatu ku Hillbrow kaganize kawiri.

Kasamalidwe ndi komwe kumapha njira imeneyi. Pa sukulu ina imene ndinaphunzitsapo tinalandira matabuleti kuchokera kwa akufuna kwabwino. Teremu yoyamba zinali bwino. Yachiwiri machaja anayamba kusowa limodzilimodzi, ana anaika mapasiwedi awo n'kuiwala, magalasi angapo anasweka, ndipo panalibe amene anapatsidwa udindo wozisamalira. Pofika kumapeto kwa chaka zinali m'kabati, kiyi ali ndi munthu amene anasiya ntchito. Chikomekome cha mkuyu.

Sindikukana ubwino wake. Gulu lina mutha kulipatsa zimene apolisi ananena pa za ku Sharpeville pa 21 March 1960, lina zimene ananena anthu amene anapulumuka, kenako n'kuwakumanitsa. Mwana amatha kukulitsa chithunzi ndi zala mpaka kuwerenga zolembedwa pa chikwangwani. Koma zoona zake n'zakuti ntchito yoyambayo fotokope imaigwiranso, pa mtengo wa mapepala. Smartboard pa histole ndi pulojekita yodula basi.

Mafoni a kunyumba ndi gulu la WhatsApp

Sukulu silipira kanthu, ndiye ahedi amaikonda njira imeneyi. Wolipira ndi kholo, kudzera m'mabandulo. Choncho musatumize makanema. Chithunzi chimodzi, tsamba limodzi, kapena voice note ya mphindi ziwiri yofotokoza funso la mawa ndi zokwanira.

Pa kupezeka m'pamene aphunzitsi timadzinamiza. Timati masiku ano aliyense ali ndi foni, koma foniyo ndi ya mayi amene amagwira ntchito m'nyumba za kumpoto ndipo amafika usiku, kapena amagonera konko mpaka Loweruka. Ndi ya bambo amene ali pa ulonda usiku wonse. Mukatumiza ntchito madzulo kuti ibwere mawa, mwalanga mwana chifukwa cha ntchito ya makolo ake. Perekani masiku atatu, ndipo pepala likhalepo kwa amene alibiretu.

Kasamalidwe kake ndi nthawi yanu. Gulu likhale loti otumiza ndi admin yekha, apo ayi lidzadzaza ndi mauthenga a maliro, malonda a ufa ndi usipa, ndi mavesi a m'mawa. Zoopsa zilipo zitatu zenizeni. Manambala a makolo amaonekera kwa aliyense wa m'gulumo, ndipo lamulo loteteza zinsinsi za anthu la POPIA limafuna chilolezo cha kholo musanasunge kapena kugawa zokhudza mwana. Chachiwiri, musamalemberane ndi mwana payekha. M'gulumo mukhale makolo, ndipo ahedi kapena mphunzitsi wina akhalemo. Chachitatu, mukauza ana kuti abwere ndi mafoni kusukulu, mwawaika pa ngozi panjira. Aliyense amene anadutsapo pa renki ya takisi ya Noord kapena ya Bree foni ili m'manja akudziwa chimene ndikunena.

Foni ngati chojambulira mawu a akuluakulu

Njira iyi ndi imene ndimaikonda, ndipo sindibisa. Mu Giredi 9 muli ntchito yofunsa munthu wamkulu za mmene ulamuliro watsankho unakhudzira moyo wake. Chaka chilichonse ana a Chimalawi amabwera ndi dandaulo lomwelo: "Aphunzitsi, ife kwathu kulibe amene anali kuno nthawi imeneyo." Ndimawauza kuti akafunse kaye kunyumba ngati mawu oti Wenela kapena Theba akudziwika.

Amabwera atadabwa. Bungwe la Witwatersrand Native Labour Association, lomwe ndi Wenela ija, linkalemba amuna ku Nyasaland, kenako Malawi, kudzagwira ntchito m'migodi ya golide ya konkuno. Ambiri ankakwera ndege mpaka ku Francistown, kenako sitima ya pamtunda kudzafika ku Joni. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchito za kumigodi kwa zaka zingapo. Kamuzu yemweyo ali mnyamata anagwirapo ntchito pa mgodi wa Witwatersrand Deep. Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anali wa ku Nkhata Bay. Mawu oti matchona sanangogwa kumwamba. Mbiri ya migodi imene ana amaphunzira mu Giredi 8 ndi mbiri ya azigogo awo, kungoti buku limawatcha ogwira ntchito ochokera kunja n'kupitirira.

Mnyamata wina analemba mafunso asanu ndi limodzi n'kuwatumiza pa foni ya amalume ake kumudzi ku Dedza. Amalumewo anapita nayo kwa agogo, ndipo mayankho anabwera ngati ma voice note, nkhuku zikulira kumbuyo. Banja litavomera, tinamvetsera m'kalasi pa kasipika kakang'ono, mnyamatayo akumasulirira anzake m'Chingerezi. Agogowo anafotokoza za kuyezedwa m'thupi ali chibadwire pamzere, za nambala imene inalowa m'malo mwa dzina lawo, za chilankhulo cha kumigodi cha fanakalo, za kugona pa bedi la simenti mu kompaundi. Pena anaseka okha pokumbukira njinga ndi wailesi zimene anabwera nazo. Pomaliza anati, "Mdzukulu wanga, ukamayenda mu Joni umo uzidziwa kuti pansi pake ndinakwawamo ine." Mnyamata wa Chizulu amene ankakhala naye desiki limodzi anati agogo akenso ankanena za mabedi omwewo. Mabedi otero mutha kukawaona ku Workers' Museum ku Newtown, yomwe kale inali kompaundi ya antchito a khonsolo ya mzinda.

Mtengo wake ndi data ya ma voice note, mwinanso kabandulo kotumizira amalume kumudzi. Kupezeka: foni iliyonse yamakono imajambula mawu, ndipo sizidalira magetsi a m'kalasi. Amene alibe agogo a ku Wenela akhoza kufunsa mkulu wa mpingo, kapena gogo woyandikana naye nyumba amene ankayenda ndi chitupa cha pasi nthawi ya tsankho.

Kasamalidwe ndi kolemetsa kuposa mmene kamaonekera. Kulemba papepala mawu a mphindi khumi kumamutengera mwana madzulo onse, ndiye pabwerenso kumasulira. Muwauze kuti asapitirire mphindi khumi. Mawuwo muwakopere pa laputopu ndi pa fulashi tsiku lomwelo, chifukwa foni ikatayika kapena ikadzaza n'kufufutidwa, mwina agogowo simudzawapezanso.

Zoopsa zake n'zofunika kuzilingalira mofatsa. Wofunsidwa avomere, ndipo adziwe amene adzamve mawu ake. Kwathu ambiri amene anagwira ntchito kumigodi akhala akudikira ndalama zawo kwa zaka, ena akudwala chifuwa cha fumbi la m'migodi, ndiye munthu akabwera ndi foni n'kumafunsa za Wenela akhoza kuganiza kuti ndi kalembera wa malipiro. Mwana anene poyambirira penipeni kuti iyi ndi ntchito ya kusukulu, mulibe ndalama. China: mafunso asakhudze mapepala okhalira m'dziko muno a aliyense. Mwana wofunsa makolo za mmene anafikira kuno akhoza kujambula zinthu zimene zingaike banja m'mavuto zitamveka kwina. Ine ndimaona mafunso onse asanatumizidwe. Ndipo agogo amasokoneza zaka, amakometsera pena, amadumpha zowawa. Chimenecho si chilema cha njirayi. Mwana akayerekeza chaka chimene agogo anena ndi chimene chili m'buku, n'kufunsa chifukwa chake zikusiyana, wachita ndendende zimene pepala la matric lidzamufunse.

Mapulogalamu a AI

Kaya mufune kaya musafune, mapulogalamu oyankha mafunso ndi kulemba ngati munthu afika kale. ChatGPT ndi Gemini ali ndi mbali yaulere, Meta AI ili mkati mwa WhatsApp momwemo. Mtengo ndi data, kupezeka ndi paliponse pali foni, kusamalira kulibe. Nkhani yonse ili pa zoopsa.

Mapulogalamu amenewa amalemba mosadodoma ngakhale pamene akulakwa. Amatha kupeka mawu n'kuwaika m'kamwa mwa munthu wotchuka, kapena kutchula buku lomwe kulibe. Pa nkhani zolembedwa kwambiri, monga mlandu wa Rivonia wa Mandela ndi anzake, amalondola nthawi zambiri. Pa mbiri ya kwathu, komanso mukawafunsa m'Chichewa, m'pamene amaterereka kawirikawiri. Chimangirizo cholembera kunyumba ndiye chinatha ntchito: mulandira masamba osalala bwino, opanda cholakwa cha galamala, ochokera kwa mwana amene sangakuuzeni kuti Sophiatown inali kuti. Zimangirizo zizilembedwa m'kalasi, ndi cholembera.

Ntchito imodzi imene ndaona kuti imathandiza ndi iyi. Funsani pulogalamuyo ndime imodzi, tinene ya kuukira kwa John Chilembwe mu January 1915, muisindikize, ana aifufuze mzere ndi mzere poyerekeza ndi buku, alembe pambali kuti ichi chatsimikizika, ichi chilibe umboni, ichi n'cholakwika. Kwa inu aphunzitsi, ingakuthandizeni kufewetsa Chingerezi cha chikalata chovuta, bola chikalata chenichenicho chikhale pambali. Musalowetsemo mayina a ana kapena mawu a agogo aja.

Ndiye musankhe chiti?

Ngati ndinu mphunzitsi mmodzi pa sukulu yaing'ono ndipo ndalama ndi zogula chinthu chimodzi, gulani pulojekita yowala bwino ndi sipika, kapena TV ngati chipinda chanu ndi chowala ndipo chili ndi chitseko chachitsulo. Yonyamulika ndi yabwino kuposa yokhomerera, chifukwa ikhoza kugona ku ofesi ndipo a jogalafe adzabwerekako. Ngati dera lanu magetsi ndi osadalirika, ndalamayo ipite ku fotokope yabwino ya umboni, makamaka zithunzi zosindikizidwa zazikulu n'kuzimata pulasitiki kuti zikhalitse.

Matabuleti avomereni pokhapokha pali munthu wodziwika ndi dzina amene ntchito yake ndi kuwasamalira, chipinda chotetezeka, ndi ndalama ya chaka chachiwiri. Wopereka mphatso akakana kukambirana zimenezi, mupempheni pulojekita m'malo mwake.

A Giredi 11 ndi 12 amapindula kwambiri ndi gulu la WhatsApp, chifukwa ambiri ali ndi mafoni awoawo ndipo chimene akufuna ndi mapepala a mayeso akale ndi kukumbutsidwa. A Giredi 7 kutsika m'munsi asiyeni, foni ndi ya makolo. A Giredi 8 ndi 9 ndiwo oyenera ntchito yojambula mawu, ndipo muiyambe kumayambiriro kwa teremu poti mayankho ochokera kumudzi amadikira kuti amalume apeze netiweki ndi pochajira.

A komiti ya makolo, musanavomereze chida chilichonse, funsani mtengo wa minibasi. Constitution Hill, kumene kuli ndende yakale ya Number Four, ndi poyenda pansi kuchokera ku Hillbrow. Apartheid Museum ili ku Ormonde, Hector Pieterson Museum ili ku Orlando West. Masukulu a kutali amaonera malo amenewa pa intaneti chifukwa alibe kuchitira mwina, pamene ife tili nawo pakhomo. Imbani foni mufunse mtengo wa magulu a ana asukulu ndi masiku otsegula musananyamuke.

Inu a makalasi a Loweruka ku tchalitchi ndi ku madrasa, amene mulibe bajeti ngakhale pang'ono, foni yanu ndi kasipika ka Bluetooth zakwana. Sabata yoyamba ana alembe mafunso asanu, m'Chichewa, Chiyao kapena Chitumbuka, oti akafunse munthu wamkulu kwambiri pa banja lawo. Funso loyamba likhale losavuta kuyankha, monga lakuti, "Agogo, ulendo wanu woyamba wautali munapita kuti, ndipo munakwera chiyani?"